Kaseti yojambulidwa mobisa: mmene tepi ya pa 21 June 1977 inakhalira chuma cha okonda Led Zeppelin

Kumapeto kwa chaka cha 2025, gulu la Pink Floyd linatulutsanso chimbale chake cha 1975, Wish You Were Here, pokumbukira kuti chakwanitsa zaka 50. Zina mwa zomwe anawonjezeramo ndi konsati ya pa 26 April 1975 ku Los Angeles Sports Arena. Chomwe chinaimitsa mitu ya anthu ambiri n'chakuti konsatiyo sinajambulidwe ndi kampani ya gululi. Anaijambula ndi munthu wamba, Mike Millard, amene analowa ndi tikiti ngati wina aliyense, atabisa makina a kaseti kuti alonda asaone. Patapita zaka 50, eni nyimbo anatenga mawu omwewo, kuwapereka kwa katswiri Steven Wilson kuti awakonze, n'kuwaika pamsika movomerezeka.

Nanga ngati kujambula kotere kuli kolakwa, bwanji eni ake akukugwiritsa ntchito? Ndipo n'chiyani chimachititsa munthu amene ali ndi zimbale zomveka bwino za m'situdiyo kuthera maola atatu akumvera kaseti yokhala ndi mluzu ndi kukuwa kwa anthu? Tepi ina ya Millard yemweyo, ya konsati ya Led Zeppelin, imayankha bwino mafunso amenewa, chifukwa mwa iyo muli pafupifupi chilichonse chomwe chimapangitsa zojambula zoterezi kukondedwa komanso kukanganirana.

Bootleg n'chiyani, ndipo ikusiyana pati ndi kukopera nyimbo

Pali zinthu zitatu zomwe anthu amaziika m'thumba limodzi pomwe n'zosiyana. Choyamba ndi kutenga chimbale chomwe chili kale pamsika n'kumachikopera pa CD kapena pa memory card kuti ugulitse motchipa. Uwu ndi mchitidwe womwe bungwe la COSOMA lakhala likulimbana nawo ku Malawi, ndipo oimba athu amaudziwa ululu wake. Chachiwiri ndi chimbale chachinyengo, chomwe akopera nyimbo, chikuto ndi chizindikiro cha kampani kuti wogula aziyesa n'chenicheni. Chachitatu ndiye bootleg: mawu omwe woimba sanawatulutsepo n'komwe, kaya ndi konsati, zoyeserera za m'situdiyo kapena pulogalamu ya pa wailesi, koma akufalitsidwa popanda chilolezo chake. Ziwiri zoyambazo zimalanda msika wa chinthu chomwe chilipo. Bootleg imabweretsa chinthu chomwe sichigulitsidwa kulikonse, ndipo mkangano wonse umayambira pamenepo.

Mchitidwewu ndi wakale kuposa nyimbo za rock. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Lionel Mapleson, yemwe ankasunga mabuku a nyimbo ku Metropolitan Opera mu mzinda wa New York, ankajambula zidutswa za maimbidwe pa makina a phula. Mu 1947 ndi 1948, Dean Benedetti ankatsatira Charlie Parker m'malo oimbira jazi n'kumajambula pokhapo pomwe Parker akuliza chitoliro chake. Koma msika weniweni unabadwa mu July 1969 ku Los Angeles, pomwe kunatuluka Great White Wonder, mbale ziwiri za nyimbo za Bob Dylan zomwe zinali zisanatulutsidwe, m'chikuto choyera mbee chopanda chithunzi. Chaka chisanathe kunatuluka Live'r Than You'll Ever Be, konsati ya Rolling Stones ya pa 9 November 1969 ku Oakland, yojambulidwa pakati pa anthu ndi maikolofoni ya Sennheiser ndi makina a tepi a Uher. Inagulidwa kwambiri mpaka magazini ya Rolling Stone inailemba ngati chimbale chenicheni, ndipo mu September 1970 gululi linatulutsa chimbale chake chovomerezeka cha ulendo womwewo, Get Yer Ya-Ya's Out!.

Usiku wa ku Forum ndi njira ya Millard

Mu June 1977 Led Zeppelin inaimba masiku 6 m'holo ya Forum ku Inglewood, pafupi ndi Los Angeles, momwe mumalowa anthu pafupifupi 18,000. Usiku woyamba unali wa pa 21 June. Konsatiyo inatenga maola oposa atatu, ndipo tepi yake inadzatchuka ndi dzina loti Listen to This, Eddie. Kufunika kwake kumaoneka mukadziwa mfundo imodzi: gululi silinatulutsepo chimbale chovomerezeka cha ulendo wa 1977. Ulendowo unadukizidwa mu July mwana wa Robert Plant, woimba wa gululi, atamwalira, ndipo gululi silinadzaimbenso ku America womenya ng'oma wake John Bonham asanamwalire mu 1980. Wofuna kumva mmene ankaimbira chaka chimenecho alibe kwina kopita koma ku matepi onga awa.

Kujambula kunali koletsedwa, ndipo Peter Grant, yemwe ankayang'anira gululi, ankadziwika kuti safuna kuona munthu wa maikolofoni. Millard ankalowa pa njinga ya anthu aulumali ngakhale ankatha kuyenda, mnzake akumukankha, makina atabisidwa pansi pa khushoni. Makinawo anali Nakamichi 550, olemera pafupifupi makilogalamu 5, oyendera mabatire akuluakulu. Maikolofoni anali awiri a AKG 451, omwe ankawalowetsa m'chipewa, nthambo zikudutsa mkati mwa zovala kukafika ku makina omwe ali m'chikwama pansi. Njira yolowera imeneyi anthu ambiri saiyamikira, ndipo n'zomveka, chifukwa ankapezerapo mwayi pa ulemu womwe umaperekedwa kwa anthu aulumali. Koma pa luso la kujambula palibe amene amatsutsa.

Luso lake linali pa zinthu zinayi zomwe wojambula aliyense amalimbana nazo. Choyamba ndi malo. Ukakhala kumbuyo kwambiri, mawu ochokera ku masipika amafika atasakanikirana ndi omwe agunda makoma ndi denga, ndiye ng'oma zimamveka ngati zili m'chitsime. Ukayandikira kwambiri kutsogolo kwa siteji, masipika akuluakulu amakudutsa pamwamba, n'kumangomva ng'oma ndi gitala popanda mawu a woimba. Millard ankasaka matikiti a mizere yakutsogolo pomwe zonse ziwiri zimakumana bwino. Chachiwiri ndi mlingo wa mawu olowa pa tepi. Ukaukweza kwambiri tepi imadzaza, besi n'kumaphwanyika. Ukautsitsa kwambiri nyimbo zimamira mu phokoso la "sss" la tepiyo. Mlingowu umayenera kuikidwa mumdima, nyimbo yoyamba ili mkati, mlonda ali chapafupi. Chachitatu ndi kusasuntha mutu: maikolofoni ali m'chipewa, ndiye kungocheuka kamodzi, gulu lonse limasamukira khutu limodzi la womvera. Chachinayi ndi kutembenuza kaseti. Kaseti ya C90 imatenga mphindi 45 mbali imodzi, pomwe nyimbo ngati No Quarter chaka chimenecho inkafika pafupifupi theka la ola. Wojambula amayenera kudziwiratu ndandanda ya nyimbo kuti atembenuze pa nthawi ya m'manja. Akachedwa, nyimbo imaduka pakati, ndipo mphindi imeneyo yapita basi.

Chomwe okonda tepiyi amayamba kutchula ndi mphindi zoyambirira. Bonham akuyesa ng'oma zake anthu akukuwa, kenaka gulu likulowa mu nyimbo ya The Song Remains the Same, ng'omazo zikuthamanga mwaukali wosapezeka pa chimbale cha m'situdiyo. Mumamva kukula kwa holo, mumamva mpweya womwe ng'oma yaikulu ikukankha, komabe gitala ndi mawu zili poyera. Pa gawo lomwe oimba amakhala pansi ndi magitala osalumikiza ku magetsi, mumamva anthu oyandikana ndi wojambula akuyankhula ndi kuitanira nyimbo zomwe akufuna. Jimmy Page mwiniwake, woimba gitala wa gululi, anatengako kagawo ka tepi imeneyi n'kukaika pa DVD yovomerezeka ya gululi mu 2003.

Millard sankagulitsa matepi ake. Ankapatsa anzake okha, ndipo ankaika chizindikiro chobisika pa kope lililonse, monga kutsitsa mawu pang'ono pamalo ena ake, kuti tepi ikapezeka pa chimbale chogulitsidwa adziwe yemwe waitulutsa. Ngakhale zinali choncho, matepiwo anafikabe kwa ochita malonda. Iye anamwalira mu 1994, ndipo kwa zaka zambiri mphekesera inali yoti anawononga makaseti ake oyambirira, mpaka ambiri a iwo anadzapezeka ali bwinobwino n'kuyamba kusamutsidwira pa kompyuta.

Mawu atengedwa pati: pakati pa anthu, pa mikisa, kapena pa wailesi

Funso loyamba lomwe wodziwa amafunsa akapatsidwa bootleg ndi lakuti mawuwo anatengedwa pati. Pa mafayilo mumaona zilembo AUD, SBD kapena FM.

AUD ndi yojambulidwa pakati pa anthu, ngati ya Millard. Imasunga zomwe khutu la munthu wokhala pampando umenewo linamva, zabwino ndi zoipa zomwe. SBD, kapena kuti soundboard, ndi yotengedwa pa mikisa ya injiniya amene amayendetsa masipika a m'holo. Ongoyamba kumene amaganiza kuti SBD ndiye yabwino nthawi zonse popeza ilibe phokoso la anthu, koma sizikhala choncho. Injiniya sasakaniza mawu kuti apange chimbale. Amasakaniza kuti awonjezere zomwe zikupelewera m'holo. Gitala ya magetsi ili kale ndi ma amp ake aphokoso pa siteji, choncho amaikweza pang'ono chabe, pomwe mawu a woimba alibe kwina kotulukira, choncho amawakweza kwambiri. Zotsatira zake, tepi ya pa mikisa imatha kukhala ndi woimba ali pamphuno panu, gitala ili kutali, anthu 18,000 akumveka ngati palibe. Okonda Led Zeppelin amayerekeza Listen to This, Eddie ndi Destroyer, tepi ya pa mikisa ya pa 27 April 1977 ku Richfield Coliseum pafupi ndi Cleveland. Destroyer imaonetsa chida chilichonse payekhapayekha, ndipo imaulula cholakwika chilichonse cha zala. Koma ndi youma, ilibe holo. Ya Millard ilibe kuyera kumeneko, koma ili ndi kulemera kwa usikuwo. Ulendo ndi umodzi, ndandanda ya nyimbo ikufanana, koma mungayese ndi magulu awiri.

FM ndi yojambulidwa kuchokera pa wailesi pomwe konsati ikuulutsidwa. Nthawi zambiri imakhala yosakanizidwa bwino chifukwa inakonzedwera omvera kunyumba. Makonsati a Bruce Springsteen a 1978, monga a ku Roxy mu Los Angeles, ku Agora mu Cleveland, ku Passaic ndi ku Winterland, anafalikira mwa njira imeneyi. Vuto lake n'lakuti wailesi ya FM imadula mawu onse opitirira 15 kHz ndipo imapanikiza mawu kuti okwera ndi otsika akhale pafupi, komanso muulutsi amatha kuyankhula pakati pa nyimbo.

Palinso matrix, yomwe ndi kuphatikiza AUD ndi SBD za usiku umodzi kuti upeze kuyera kwa mikisa ndi mpweya wa holo. Ntchitoyi ndi yovuta kuposa mmene imamvekera. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi mumpweya, choncho wojambula yemwe ali mamita 30 kuchokera ku masipika amawalandira mochedwa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 11 a sekondi poyerekeza ndi mikisa. Kuchedwa kumeneku ukapanda kukukonza, ng'oma iliyonse imamveka kawiri. Komanso makina awiri a tepi sayenda liwiro lofanana ndendende. Kusiyana kwa 0.1 peresenti kokha kumabala masekondi 3.6 pa ola limodzi, ndiye wophatikiza amayenera kugwirizanitsa matepiwo kagawo ndi kagawo, osangoti poyambira pokha. Akalakwitsa pang'ono, mawu amamveka ngati akudutsa m'paipi ndipo besi imazimiririka.

M'badwo wa tepi ndi mbiri ya ulendo wake

Tepi yomwe inali m'makina usiku wa konsati imatchedwa master. Kope lotengedwa pa iyo ndi m'badwo woyamba, lotengedwa pa kopelo ndi m'badwo wachiwiri, mpaka m'tsogolo. Zili ngati kupanga fotokope ya fotokope: pepala lachisanu limawerengeka ndithu, koma zilembo zanenepa ndipo madontho akuda achuluka. Pa kaseti, m'badwo uliwonse umawonjezera phokoso la "sss", umadya mawu opyapyala a zitsulo za ng'oma, ndipo umabweretsa kusokonekera kwa liwiro la makina omwe anakopera. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 anthu ankasinthanitsa makaseti pa positi, ndipo tepi yofika kwa munthu wa ku Ulaya kapena ku Japan inkatha kukhala ya m'badwo wachisanu kapena kupitirira. N'chifukwa chake konsati imodzimodziyo ya pa 21 June imapezeka m'makope ambirimbiri osamveka mofanana, ndipo kupezeka kwa makaseti oyambirira a Millard inali nkhani yaikulu.

Zolakwika zomwe zimapezeka kawirikawiri zili ndi zifukwa zodziwika. Liwiro ndiye loyamba. Kaseti imayenera kuyenda masentimita 4.76 pa sekondi. Mabatire akayamba kufooka pojambula, mota imachedwa, ndiye mukadzaiseweretsa pa makina abwino nyimbo imathamanga ndipo mawu amakwera. Kusiyana kwa pafupifupi 6 peresenti kumakweza nyimbo ndi fret imodzi ya gitala. Popeza batire imafooka pang'onopang'ono, vutoli limakula kumapeto kwa mbali ya kaseti, choncho silikonzeka ndi nambala imodzi. Okonza amayerekeza ndi chida chomwe sichisintha kamvekedwe, monga piyano kapena ogani, kapena amasaka kamkokomo ka magetsi komwe kanalowa pa tepi, komwe ku America kamakhala pa 60 Hz ndipo ku Ulaya pa 50 Hz. Kakapezeka pa 62 Hz pa tepi ya ku Los Angeles, ndiye kuti tepiyo ikuthamanga ndi pafupifupi 3 peresenti.

Lachiwiri ndi kapendekedwe ka mutu wowerenga tepi, komwe amakutcha azimuth. Mutu wa makina oseweretsa ukapanda kupendekeka mofanana ndi wa makina omwe anajambula, mawu opyapyala amasowa ndipo tepi imamveka ngati yaphimbidwa. Wosamutsa tepi mosamala amapotokola kasikuluwu ka mutuwo pa mbali iliyonse ya kaseti mpaka zitsulo za ng'oma zitamveka bwino. Lachitatu ndi Dolby, njira yochepetsera phokoso la "sss" pa tepi: tepi yojambulidwa ndi Dolby ikaseweretsedwa popanda iyo imakhala yakuthwa mopweteka, ndipo yojambulidwa popanda Dolby ikaseweretsedwa nayo imakhala yogontha. Matepi ena akale a pa mawilo amayamba kumata chifukwa cha chinyontho, ndipo amayenera kuwotchedwa pang'onopang'ono pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 54 kwa maola angapo asanawaseweretse. Kupanda kutero utoto womwe uli ndi mawu umatsalira pa mutu wa makina.

Makina a DAT, ojambula mawu pa tepi mwa digito, atabwera mu 1987, kenaka ma CD ojambulika ndi intaneti, nkhani ya mibadwo inatha chifukwa kope la digito limafanana ndi chiyambi chake. Koma kunabwera vuto lina. Fayilo ya MP3 imataya mbali ina ya mawu kuti ichepe, ndipo zotayikazo sizibwerera ngakhale mutaisandutsa FLAC, mtundu wa fayilo womwe sutaya mawu. Osinthanitsa matepi amakana mafayilo otere. Amawazindikira potsegula fayilo mu pulogalamu yoonetsa chithunzi cha mawu: MP3 ya 128 kbps imaonetsa mzere wodulidwa mowongoka pafupi ndi 16 kHz, pomwe kaseti yeniyeni imazilala pang'onopang'ono. Tepi ya pa wailesi nthawi zambiri imaonetsa kamzere kopyapyala pa 19 kHz, komwe ndi chizindikiro cha stereo ya FM, ndipo kamzereka kamagwira bodza la amene akunena kuti tepi yake ndi ya pa mikisa.

Pa chifukwa chimenechi, bootleg yosungidwa bwino imayenda ndi kafayilo ka malemba kofotokoza lineage, mbiri ya ulendo wake: tsiku, holo, malo omwe wojambula anakhala, maikolofoni, makina, m'badwo wa tepi, makina omwe anaisamutsira pa kompyuta, ndi chilichonse chomwe anakonza. Pamakhalanso manambala a md5 kapena ffp otsimikizira kuti fayilo sinasinthe panjira. Tepi yopanda mbiri imeneyi ikhoza kumveka bwino, koma palibe angaikire umboni kuti ndi ya usiku womwe yalembedwa. Konsati yotchuka ya Bob Dylan ya 1966, momwe munthu wina anamukuwiza kuti ndi Yudasi chifukwa choimba ndi magitala a magetsi, inagulitsidwa kwa zaka zambiri ngati ya ku Royal Albert Hall mu London, chonsecho inachitikira ku Free Trade Hall mu Manchester pa 17 May. Pomwe inatulutsidwa movomerezeka mu 1998, dzina lolakwikalo linali litazika mizu moti analisiya pachikuto.

Chomwe chimbale chovomerezeka sichipereka

Chimbale chovomerezeka cha konsati kawirikawiri sichikhala usiku umodzi. Chimbale cha The Song Remains the Same cha Led Zeppelin, chomwe chinatuluka mu 1976, chinalumikizidwa kuchokera ku masiku atatu a July 1973 ku Madison Square Garden. How the West Was Won cha 2003 chinaphatikiza makonsati awiri a June 1972, wa ku Forum ndi wa ku Long Beach. Magulu ambiri amabwereranso m'situdiyo kukaimbanso mawu kapena gitala pomwe panalakwika. Palibe chachilendo pamenepa: woimba akufuna kupereka ntchito yomwe angainyadire, ndipo makina a njira zambiri amalola kusakaniza chida chilichonse pachokha, zomwe kaseti ya m'chipewa singathe.

Wokonda bootleg akufuna china. Akufuna usiku wathunthu monga unachitikira, kuyambira pomwe magetsi anazima mpaka anthu akutuluka, ndi nthabwala za woimba pakati pa nyimbo, nthambo ya gitala yoduka, ndi pomwe mawu anakana kukwera. Akamva masiku 6 a ku Forum motsatizana amaona mmene nyimbo imodzi inkasinthira usiku ndi usiku, ndipo pa 23 June amamva Keith Moon wa gulu la The Who akukwera pa siteji kudzamenya nawo ng'oma. Kwa gulu lomwe linkatalikitsa nyimbo ndi kupeka zatsopano pomwepo, zimenezi ndiye mbiri yake yeniyeni, ndipo ndi anthu a matikiti omwe anaisunga.

Malamulo, ndi kusiyana kwa wojambula ndi wogulitsa

Pa tepi imodzi pamakhala eni angapo: wopeka nyimbo, oimba omwe anali pa siteji, ndi kampani yomwe inasainirana nawo kuti ndi yokhayo yotulutsa mawu awo. Wojambula ali ndi kaseti m'manja, koma zimenezo sizimupatsa ufulu pa zomwe zili mkati.

Malamulo anachedwa kufika pamenepa. Ku America boma linayamba kuteteza mawu ojambulidwa mu February 1972, koma lamulo lenileni loletsa kujambula ndi kugulitsa konsati popanda chilolezo linabwera mu 1994, potsatira mgwirizano wa zamalonda wa TRIPS, ndipo wochita izi pofuna phindu akhoza kukhala kundende mpaka zaka 5 pa mlandu woyamba. Ku Ulaya, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 1990, malamulo a Italy ndi Germany anali ndi mipata yomwe inalola makampani ngati Swingin' Pig, Great Dane ndi Kiss the Stone kugulitsa ma CD a makonsati poyera. Mpata wa ku Germany unayamba kutsekeka mu 1993, khoti la bungwe la mayiko a ku Ulaya litagamula mlandu wa Phil Collins wokhudza konsati yake ya 1983 ku California: dziko silingateteze oimba ake okha n'kusiya a mayiko anzake a m'bungwelo.

Oimba nawo sanayankhe mofanana. Ena anatsata njira ya makhoti. Ena anaganiza zolanda msikawo: Frank Zappa anatenga ma bootleg ake n'kuwatulutsa yekha mu 1991, chaka chomwe Dylan nayenso anayamba mndandanda wake wa The Bootleg Series, ndipo Pearl Jam inatulutsa makonsati 72 a ulendo wake wa 2000. Gulu la Grateful Dead linapita patali: kuyambira 1984 linapatula malo a ojambula kumbuyo kwa mikisa, pa lamulo limodzi loti matepi azisinthanitsidwa, asagulitsidwe. Konsati yawo ya pa 8 May 1977 ku yunivesite ya Cornell inatchuka kudzera m'makaseti osinthanitsa, inalowa m'kaundula wa zojambula zofunika wa Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, ndipo inadzatulutsidwa movomerezeka mu 2017. Koma ngakhale kumeneko malire analipo. Mu November 2005 matepi a gululi anachotsedwa pa Internet Archive, tsamba la pa intaneti losungira zinthu zakale, okonda gululi anadandaula kwambiri, ndipo zinathera pakuti a AUD abwerere kuti anthu azitha kuwatenga, koma a SBD azingomvedwa pa intaneti pompo.

Pakati pa osinthanitsa matepi pali mwambo wawo: osagulitsa, osafalitsa chomwe chatuluka movomerezeka, osachotsa dzina la wojambula pa lineage. Mwambowu umawasiyanitsa ndi ochita malonda, koma si lamulo la boma, ndipo woimba amene sakufuna kujambulidwa ali ndi ufulu wokana ngakhale pasakhale ndalama yosinthana.

Zomwe sizinathe kukambidwa

Kodi bootleg imachepetsa malonda a woimba? Makampani amati ndalama iliyonse yopita kwa wogulitsa bootleg ikanapita kwa eni nyimbo. Osunga matepi amati munthu wosaka konsati ya 1977 anagula kale zimbale zonse zovomerezeka. Mbali zonse zili ndi zitsanzo zoloza, ndipo yankho limasiyana pakati pa gulu lalikulu ndi woimba wongoyamba kumene.

Funso lolemera kwambiri ndi la ulemu wa woimba. Usiku womwe anadwala, kapena womwe mawu anamuthawa, kodi uyenera kukhalapo mpaka kalekale chifukwa wina anali ndi maikolofoni? Ena amati woimba ndiye mwini wosankha zomwe dziko limve. Ena amati chomwe chachitika pamaso pa anthu 18,000 chasanduka mbiri, ndipo mbiri siisankhidwa ndi mwini nkhani yekha.

Nanga gulu likatenga tepi ya wojambula mobisa n'kuigulitsa, ngati zachitikira ya Millard, wojambulayo kapena abale ake ayenera kulandirapo kanthu, pomwe iye anajambula popanda chilolezo? Ndipo ndani ali ndi udindo wosunga makaseti omwe akuwonongeka m'makatoni a anthu okalamba, ngati nyumba zosungira mbiri zikuopa malamulo a umwini?

Palinso mafunso obwera ndi zipangizo zatsopano. Mapulogalamu a kompyuta tsopano amatha kulekanitsa mawu a woimba, ng'oma ndi gitala kuchokera pa tepi imodzi, monga anachitira ndi kaseti ya John Lennon pa nyimbo ya The Beatles ya 2023. Tepi ya AUD ikatsukidwa motere, anthu okuwa n'kuchotsedwa, ng'oma n'kukwezedwa, kodi ikadali umboni wa zomwe zinamveka pampando uja, kapena yasanduka chimbale china chokonzedwa? Ndipo pomwe aliyense m'holo ali ndi foni yojambula, oimba ena, kuphatikizapo Dylan, amalamula kuti mafoni azitsekeredwa m'tizikwama ta Yondr mpaka konsati itatha. Sizikudziwika ngati zaka 50 zikubwerazi makonsati a lero adzapezeka athunthu kuchokera pampando umodzi, kapena adzangotsala m'tizidutswa ta masekondi 30 tomwazikana pa Facebook ndi YouTube.